Mawu Amene Sanalowe M'kope

1. Theka la piritsi

Kunyumba ankamuitana kuti Kalembera, chifukwa zolemba zake zinali zowongoka ngati za pachikwangwani. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo chilichonse chofuna cholembera pabanjapo chinkagwera iye.

Mlongo wake wamng'ono, wa zaka zisanu ndi zitatu, ankamutcha Wayilesi. Mwanayo ankayamba kulankhula asanasukusule n'komwe, ndipo ankagona nkhani ili pakamwa. Bambo awo, omwe ankayendetsa galimoto zikuluzikulu za katundu maulendo ataliatali, akabwera ankakonda kunena kuti, "Kodi ameneyu pozimitsira pake ndi pati?"

Koma tsopano Wayilesi anali chete.

Madokotala anamuchotsa chotupa chomwe chinamera muubongo, chakunkhongo. Opaleshoni inayenda bwino. Atatsitsimuka anapempha madzi, n'kufunsanso ngati tsitsi lake lidzamere. Tsiku lachitatu mawu anangoti zii. Ankamva zonse. Ankatsatira anthu ndi maso, ankalira, akakwiya ankakankhira kapu pansi. Koma liwu ndi limodzi lomwe silinkatuluka, ndipo manja ankanjenjemera moti sankatha kugwira pensulo. Masabata asanu anatha choncho.

Tsiku lina adokotala anaitana amayi ndi Kalembera m'chipinda chawo.

"Izi zimachitikira ana ena akachitidwa opaleshoni ya mbali imeneyi," anatero. "Ambiri mawu amabwerera pang'onopang'ono, makamaka akamathandizidwa ndi mphunzitsi wa kalankhulidwe. Koma pali mankhwala omwe tingayese. Kwenikweni ndi a tulo. Ana ena, m'malo mowagoneka, amawatsegula pakamwa kwa ola limodzi kapena awiri. Ena sawachita kanthu. Sindikulonjeza, mayi. Tiyesa theka la piritsi m'mawa uliwonse, masiku khumi ndi anayi, ndipo wina azilemba zonse zomwe mwana akuchita akamwa."

Amayi ankasita zovala kuhotela, ndipo ankalawirira sikisi isanakwane. Kalembera anali atasintha kale n'kumalowa sukulu masana kuti azikhala ndi wodwalayo. Choncho ntchito inagwera mwini dzina.

Amene anamupatsa kope anali a Sisitala, namwino wamkulu wa imvi mbuu, yemwe ana a m'wodi ankamuopa ndi kumukonda pamodzi. Sanalipereke msanga. Analigwira kaye mbali imodzi, mtsikanayo atagwira inayo.

"Mwanawe, tchera khutu," anatero a Sisitala. "Kope ili si la homuweki loti ulembe zokondweretsa aphunzitsi. Adokotala sakhala kwanu. Maso awo ndiwe, makutu awo ndiwe. Ukamumwetsa, yang'ana wotchi, ulembe nthawi. Akasanza, lemba. Akawodzera, lemba. Akadzandira kuposa dzulo, lemba. Akatulutsa liwu, ngakhale likhale lotukwana agogo ako, lemba momwe latulukira. Ntchito ino ndayigwira zaka makumi atatu. Ndaona amayi akulemba kuti mwana wanena 'amama' pomwe wangoyasamula, chifukwa mtima unkalakalaka. Ndaonanso ena akudzaza masamba onse pabenchi panjapo, tsiku lobwera kuno, n'kumaganiza kuti ife tinabadwa dzulo. Kope likanama, dokotala amaphonya, ndipo wopwetekeka ndi mwana yemwe sangadziyankhire. Mankhwalawa si maswiti. Ngati sakuthandiza tiwasiya, sitingamamwetse mwana zomuledzeretsa popanda phindu. Ngati akuthandiza tipitiriza. Wandimva?"

"Ndamva, a Sisitala."

Apo m'pamene analisiya kopelo.

2. M'mawa uliwonse

Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, pamdadada wa nyumba zalendi. Bedi la Wayilesi analisendezera pafupi ndi zenera kuti aziona anthu akudutsa.

Seveni ikakwana, Kalembera ankadula piritsi ndi lezala pasosala. Theka ankalibwezera m'botolo, linalo ankaliphwanya pakati pa masupuni awiri, n'kuthirapo timadzi ta shuga. Ankamukhazika mwanayo tsonga, mapilo awiri kumsana, kuopa kuti angatsamwe. Akamugwira mutu, chala chinkakhudza chipsera chotsika kunkhongo, pomwe tsitsi linali litayamba kumera ngati kapinga.

M'kope anajambula mizere ndi rula. Tsiku loyamba analemba: "7:05 wamwa. 7:30 wawodzera. 8:10 wadzuka, walira." Lachitatu: "Wayasamula kanayi. Wandiyang'ana nthawi yaitali." Lachisanu ndi chimodzi: "Wasuntha milomo koma mawu ayi."

Amayi akaweruka ankafika pakhomo n'kufunsa asanavule ndi nsapato zomwe.

"Lero bwanji?"

Ankatsegula kope n'kumawerenga ndi chala, pang'onopang'ono, poti sukulu sanapite nayo patali. Kenako ankakhala pabedi n'kumusisita mwanayo phazi.

"Bambo wanga, tanenani kanthu. Ngakhale kungonditukwana, ine ndivina."

Koma pofika madzulo mankhwala ankakhala atatha kale mphamvu m'thupi.

Amayiwo anali ndi bala lawo. Tsiku lomwe chotupa chinapezeka, adokotala anafunsa kuti mwana anayamba liti kusanza ndi kudandaula mutu. Iwo anayankha kuti masabata awiri apitawo, poti ndi zomwe ankadziwa. Adokotala anangoti, "Chikuoneka kuti chinayamba kalekale," osawonjezera. Bambo atamva pafoni sanasankhe mawu. "Ndiwe mayi wanji wosadziwa kuti mwana wako akudwala?" Kuyambira pamenepo ankaimba kamodzikamodzi, n'kumangofunsa za mwana basi. Amayi sanadziteteze. Anausenza mlanduwo ngati mtolo wawo.

3. Tsiku lachisanu ndi chinayi

M'mawa umenewo zonse zinayamba monga mwa masiku onse. Kalembera anamumwetsa, analemba nthawi, n'kuyamba kumupukuta pakamwa ndi kansalu.

Patapita theka la ola anaona kuti nkhope ya mwanayo yamasuka. Milomo inayamba kugwedera. Kenako panatuluka kaphokoso kosasa, kolemera, ngati munthu akukoka thumba la mchenga.

"A... che... mwa... li."

Supuni inagwa pansi. Kalembera anagwada pambali pa bedi.

"Nena, Wayilesi! Ndili pano. Nena!"

Mwanayo anapuma kaye. Thukuta linali litatuluka pamphuno. Anamuyang'ana mlongo wake m'maso osaphethira.

"Si... ndi... ma... na... ma."

Kalembera anakhala pansi pasimenti. Sanafunse kuti akunena za chiyani. Ankadziwa.

Miyezi itatu chotupa chisanapezeke, Wayilesi ankadzuka atagwira mutu. Amayi akangotuluka, ankathamangira kubafa kukasanza. Ikamakwana naini ankakhala ali bwino, akusewera. Nthawi imeneyo Kalembera ankalowa sukulu m'mawa, ndipo mayeso anali pafupi. Kukhala ndi wodwala kukanatanthauza kujomba. Anagamula yekha kuti ndi machenjera othawira masamu.

"Wabodza iwe," ankatero. "Matenda anji ochira naini koloko? Ukangowauza amayi, ine ndiwauza bambo kuti umathawa sukulu. Uone lamba."

Ankatsuka m'bafa mofulumira, n'kumukoka dzanja mpaka pageti la sukulu. Wayilesi, yemwe sankasunga nkhani ngakhale ya nyerere, iyi yokha anaisunga, chifukwa lamba wa bambo ankamudziwa. Amayi anadzazindikira mwana atayamba kudzandira ndi kugwa panjira.

Sitinganene kuti Kalembera anali wankhanza. Anali mwana wolera mwana mnzake, ndipo sankadziwa kuti kusanza kwa m'mawa kungakhale chizindikiro cha chinthu choopsa. Koma atadziwa, anakhala chete. Anamva bambo akuwakalipira amayi pafoni, iye ali pomwepo akutsuka mbale, ndipo anapitiriza kutsuka.

Tsopano cholembera chinali m'dzanja lake. Akalemba mawu awiriwo, amayi awerenga ndi chala chawo madzulo, ndipo afunsa kuti, "Samanama za chiyani?"

Analemba kuti: "7:00 wamwa. Palibe chatsopano."

4. Masamba oyera

Tsiku lotsatira Wayilesi analankhulanso. "Mu... tu... u... ma... pwe... te... ka." Linalo anapempha madzi. Tsiku lakhumi ndi chiwiri anaona galu wa aneba pazenera n'kunena kuti "galu," mosadula, kenako anaseka yekha, kuseka koyamba chichokereni kuchipatala.

Ngakhale galuyo sanalowe m'kope. Kalembera ankadziwa kuti liwu limodzi likangolembedwa, amayi ajomba kuntchito n'kudzakhala pabedipo m'mawa, ndipo adzamva zonse.

"Ndidzawauza," ankamunong'oneza mwanayo mankhwala akamatha mphamvu. "Ndipatse nthawi. Ukachira bwinobwino ndidzawauza ndekha."

Madzulo amayi akatsegula kope, Wayilesi ankalimenya ndi dzanja lake lonjenjemera mpaka ligwe. Ankakuwa, n'kumaloza mlongo wake ndi chibwano.

"Ndi matendawa," ankatero amayi akutola kope. "Adokotala ananena kuti azipsa mtima. Usamutengere, mwana wanga. Ukugwira ntchito yaikulu."

Kalembera ankatuluka panja kukaanula zovala, ngakhale zovalazo zisanaume.

5. Chigamulo

Tsiku lobwerera kuchipatala linafika. Anawapatsa nthawi ya masana, ndipo amayi anapempha kuweruka msanga. Anamubereka Wayilesi kumsana ngati khanda, miyendo ikulendewera mpaka m'mawondo mwawo.

Adokotala anatsegula kope n'kumwetulira.

"Anthu onse akanamalemba chonchi, bwenzi ntchito yathu ikuphweka. Amene analemba ndani?"

"Ndi uyu," anatero amayi monyadira. "Kunyumba timangoti Kalembera."

Adokotala anawerenga tsamba ndi tsamba. Kumwetulira kuja kunazilala. Anamuyeza mwanayo maso, anamuuza kuti agwire mphuno ndi chala, anamupempha kuti anene "aa." Wayilesi anangoluma milomo.

"Mayi, tayesa. Mankhwalawa sakumuthandiza. Tiwasiye lero. Tipitirize ndi mphunzitsi wa kalankhulidwe, tidzaonanenso pakatha mwezi."

"Adokotala, chonde, tiyeseko sabata ina imodzi yokha. Mwina akuchedwa chabe. Mwanayu ngakhale kuyenda anachedwa."

"Ndikumvetsa. Koma kope likunena momveka. Masiku khumi ndi anayi, liwu ndi limodzi lomwe ayi. Sindingapitirize kumupatsa mankhwala a tulo popanda chifukwa."

Analemba pakhadi n'kujambula mzere pansi.

Wayilesi anayamba kukuwa. Anaponda tebulo, anadzipotokola m'manja mwa amayi ake, maso ali pa mlongo wake. Kalembera ankayang'ana nsapato zake.

Atatuluka, a Sisitala anamukodola kuti abweze botolo la mapiritsi otsala. Amayi anatsogola kukhonde kukamutonthoza mwana. A Sisitala analandira botolo, kenako anatenga kope n'kuvala magalasi. Anatsegula masamba oyamba, anatsegula omaliza, anabwereranso oyamba.

"Masiku asanu ndi atatu unkalemba ngakhale kuyasamula," anatero motsitsa mawu. "Kuyambira lachisanu ndi chinayi, mwana anasanduka mwala? Osawodzera, osalira, osakuyang'ana?"

Kalembera anatambasula dzanja kuti alandire kope, koma a Sisitala sanalisiye.

"Sindikufunsa, mwanawe. Ine si wapolisi. Ndingokuuza zomwe ndikudziwa. Lilime la mwana likayamba kugwedera, limafuna kulithandiza nthawi yomweyo, lisanagonenso. Mwina mawu adzabwera okha, inde. Mwina mwezi wamawa, mwina chaka chamawa, mwina adzabwera opunduka. Palibe akudziwa. Koma ngati pali khomo lomwe linayamba kutseguka, ndipo wina walitseka ndi dzanja lake, ameneyo adzakhala nazo moyo wake wonse. Adzakwatiwa nazo, adzabereka nazo. Mlandu suwola. Ine ndinabisapo cholakwa changa ndili namwino wamng'ono, ndinaopa kukalipiridwa. Anandikalipirabe, koma mochedwa, wodwala atavutika kale masiku atatu. Mpaka lero nkhope yake ndimaiona. Adokotala atuluka m'chipindamo pakatha mphindi khumi, akupita kukachita opaleshoni. Tenga kope lako."

Kalembera anatuluka. Kukhonde amayi anali atawerama, akumanga nsalu pachifuwa. Wayilesi anali atasiya kukuwa. Anagoneka tsaya pamsana pa amayi ake, maso ali pululu, ngati munthu amene wasiya kudikira.

"Tiye, basi ingatisiye," anatero amayi.

Mtsikanayo anayenda mapazi atatu kuwatsatira. Kenako anatembenuka, n'kukagogoda pachitseko cha adokotala.

6. Zomwe zinanenedwa m'chipindamo

Amayi anamulondola modabwa, mwana ali kumsana.

"Adokotala, kopeli ndi labodza," anatero Kalembera. "Amalankhula. Anayamba tsiku lachisanu ndi chinayi. Pakatha theka la ola atamwa, amalankhula."

Adokotala anabwezera patebulo makiyi omwe anali atanyamula kale, n'kukhala pansi. Sanakweze mawu. Anatenga pepala n'kuyamba kufunsa: nthawi yanji, mawu angati, kwa mphindi zingati, ankadula kapena ayi. Kalembera anayankha zonse. Anatchula madzi, anatchula galu.

"Nanga liwu loyamba?"

"Anati, 'Achemwali, sindimanama.'"

"Samanama za chiyani?" anafunsa amayi.

Ndipo Kalembera anafotokoza. Za kubafa, za miyezi itatu, za lamba. Sanasiye kanthu. Akulankhula, amayi anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri.

Adokotala anafufuta mzere uja pakhadi.

"Zapitazo sindingazikonze, ndipo sindinganene motsimikiza kuti miyezi itatuyo ikanasintha zingati," anatero. "Koma masiku asanu ndi limodzi awa ndi omwe akundiwawa. Mphunzitsi wa kalankhulidwe akanakhala akugwira naye ntchito pa ola lomwe pakamwa patseguka. Komanso sindingadalire mawu a pakamwa kope litanena zina. Mubwere naye mawa seveni koloko. Adzamwera pano, ine ndi mphunzitsiyo tikuona. Tikamva tokha, tipitiriza. Ndipo kuyambira mawa, mayi, kope muzilemba ndinu. Zilembo zikhale zokhota, bola zoona."

7. Pabenchi la pageti

Amayi anatsogola m'khonde monse. Anatsika masitepe osatembenuka. Atafika pabenchi lodikirira basi kunja kwa geti, anamasula mwana, anamugoneka pamiyendo pawo, n'kumufunditsa nsalu. Basi inabwera, inaima, inapita. Iwo osadzuka.

"Kusanza kuja sindikukuimba nako mlandu," anayamba, akuyang'ana msewu. "Unali mwana. Ine ndi amene ndinakusiyira katundu woposa msinkhu wako, ndipo zimenezo ndidzayankha ndekha. Koma iwe unandiona. Miyezi iwiri yathunthu unandiona ndikulowa m'bafa kukalira kuti musandimve. Unamva bambo ako akunditcha mayi wosasamala, ndipo ine ndinavomera, chifukwa ndinkafufuza m'mutu mwanga kuti kodi ndinaphonya pati, osapapeza. Kuhotela ndawotcha malaya a alendo kawiri, ndikuganiza zomwezo. Unkandipatsa tiyi, n'kumati, 'Amayi, musadandaule.' Ndiye mwana wanga analankhula. Anatchula galu, anaseka, ine ndikusita mapilo a anthu osawadziwa. Madzulo ndinkabwera kudzamupempha liwu limodzi ngati wopemphetsa, iwe uli chilili pambali panga, liwulo uli nalo m'thumba. Limenelo ndiye sindikudziwa kuti ndiliika pati. Khoswe wakhala pamkhate. Ndikakumenya ndiswa changa chomwe."

"Amayi, pepani."

"Pepani wakoyo umusunge kaye. Mwini wake ndi uyu wagona apayu. Ukamupatse mawa seveni ikadutsa, pa nthawi yomwe angathe kukuyankha. Akakana, wakana."

Wayilesi sanali m'tulo. Dzanja lake linatuluka munsalu n'kugwira chala cha amayi ake.

Amayi anapisa m'chikwama ndi dzanja linalo, natulutsa foni yawo yong'aluka galasi. Anafufuza nambala, anadina, n'kumupatsira mwana wawo wamkazi.

"Wabwerera wekha pachitseko paja, palibe anakukoka. Zimenezo ndaziona. Tsono malizitsa. Bambo ako amve kuchokera pakamwa pako, osati panga."

Foni inaitana kamodzi, kawiri, katatu. Kalembera anapemphera kuti isayankhidwe. Kachinayi kunamveka phokoso la injini, kenako mawu aakulu aja.

"Halo? Zayenda bwanji kuchipatalako? Halo! Ndani, Kalembera? Bwanji ukuimba ndiwe, amayi ako ali kuti?"

Mtsikanayo anayang'ana amayi ake. Iwo ankayang'anabe msewu.

"Bambo," anatero, "imikani kaye galimoto pambali."